Masamu a makhadi awiri oyamba pa masewera a poker

Pa mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em, wosewera aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ndipo amayenera kusankha chochita makhadi ena asanayalidwe patebulo. Angathe kuwataya, kuika ndalama yofanana ndi imene mnzake waika, kapena kuonjezerapo. Gawo limeneli osewera amalitcha preflop. Pa makhadi 52, awiriwo angabwere m'njira 1,326, koma poti mitundu inayi ya makhadi ili ndi mphamvu yofanana, njirazi zimagwera m'magulu 169 okha. Ma Ace awiri, omwe amaposa onse, amabwera kamodzi pa maulendo 221.

Ubwino wa chisankho umayezedwa ndi chimene akatswiri a masamu amati expected value, ndiko kuti phindu kapena chitayiko chimene munthu angapeze pa ulendo uliwonse atabwereza chinthu chomwecho kambirimbiri. Maziko ake anaikidwa m'makalata amene Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana ku France mu 1654, koma ngakhale wogulitsa mbatatesi wa ku Bembeke amaganiza motere. Tiyerekeze kuti akapita ndi matumba ake ku Lilongwe amapindula K40,000 pa maulendo atatu mwa anayi, koma ulendo wachinayi amapeza msika utasefukira, mbatatesi n'kuyamba kuola, iye n'kuluza K60,000. Pa maulendo anayiwo watsala ndi K60,000, yomwe ndi K15,000 pa ulendo. Ngati pamsewu wa M1 ku Dedza komweko amapeza K10,000 yosakayikitsa, ulendo wa ku Lilongwe ndiwo wopindulitsa, ngakhale tsiku lina amabwerako atagwira kumutu.

Pa poker kuwerengaku kumayamba ndi mwayi wopambana. Ma Ace awiri akakumana ndi ma King awiri, amapambana pafupifupi maulendo 82 pa 100. Onse awiri akaika K10,000 aliyense, wa ma Ace amayembekezera K16,400 pa K20,000 ili pakatiyo, kusonyeza phindu la K6,400, pamene mnzakeyo amaluza ndalama yomweyo. Nthawi zina makhadi ofooka nawo amapindulitsa. Pakakhala K15,000 patebulo ndipo munthu akufunika kuika K10,000 yake yomaliza, amangofunika mwayi wa 40 pa 100. Wa Ace ndi King, polimbana ndi ma Queen awiri, ali ndi mwayi pafupifupi 43 pa 100, choncho amayembekezera K10,750 pa K25,000 yonseyo. Amaluza kawirikawiri kuposa mmene amapambanira, komabe K750 imatsalira kwa iye.

Ziwerengero za mwayi wopambanazi sizingapezeke mosavuta ndi pensulo. Osewera awiri akatenga makhadi awo, asanu oyala patebulo angatuluke m'njira 1,712,304. Mapulogalamu a pakompyuta monga PokerStove ndi Equilab amayesa njira zonsezi, kapena kugawa makhadi mwachisawawa kambirimbiri, n'kupereka yankho m'kanthawi kochepa. Popeza makhadi a mnzake munthu sawaona, amalemba m'pulogalamuyo gulu lonse la makhadi amene mnzakeyo angakhale nawo, lomwe amalitcha range. Woonjezera ndalama ali woyamba kulankhula amaganiziridwa kuti ali ndi makhadi amphamvu, pamene womaliza kulankhula amasewera ndi makhadi ambiri chifukwa waona kale zimene anzake achita.

Mapulogalamu ena, monga PioSolver ndi GTO Wizard, amapita patali pofunafuna kaseweredwe kamene mdani sangakadyere masuku pamutu. Amaonetsa tchati cha timabokosi 169, kalikonse kali ndi mtundu wosonyeza ngati makhadiwo ndi otaya, ofananitsa ndalama kapena oonjezera. Mphamvu ya masamu otere inaoneka mu 2017 ku Pittsburgh, m'dziko la America, pamene pulogalamu ya Libratus ya ku Carnegie Mellon University inagonjetsa akatswiri anayi pa magemu 120,000 m'masiku 20.

Komabe pulogalamu imayankha malinga ndi zimene yauzidwa. Munthu akamuwerenga molakwa mnzake, yankho nalo limalakwika. Eni malo osewerera amadulanso kagawo pa ndalama ya patebulo, ndipo kaphindu ngati K750 kaja kangathere pomwepo. Ngakhale ma Ace awiri amagonja kwa ma King pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, choncho wa ndalama zochepa angatheretu phindu lija lisanaoneke.

Ku Malawi juga imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo ndi yoletsedwa kwa osakwana zaka 18. Poker imapezeka makamaka m'makasino a m'mizinda, pamene kumadera ngati Dedza ambiri amabetcha mpira pafoni. Masamu ndi omwewo, koma mdani ndi kampani imene yaikiratu phindu lake mu mitengo. Pa zinthu ziwiri za mwayi wofanana, kampani ikapereka 1.90 mbali iliyonse, K1,000 imabweza K950 pa avareji. Pa roulette ya manambala 37, K1,000 yoikidwa pa nambala imodzi imabweza pafupifupi K973 pa avareji. Pa poker phindu la wodziwa limachokera m'zolakwa za anzake, koma pa masewera olimbana ndi kampani chiwerengerocho chimakhala cha chitayiko kwa wobetcha, ndipo chimakula malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene wabetcha.