Njinga yamoto ikachoka kufakitale ndi chilema, alipira ndani?

Ku Nancholi, monganso ku Baluti ndi ku Manase, njinga zamoto za kabaza ndizo zimatifikitsa kumene minibasi siifika. Tikatsika pamsewu wa ku Chikwawa, ndi akabaza amene amatikweza kumtunda ndi thumba la ufa kumbuyo. Njingazi zikudyetsa mabanja ambiri. Abusa amayendera nazo mipingo, ndipo ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikadzatumizidwa kusukulu zakumudzi, chinthu chachikulu choyamba kugula chidzakhala njinga yamoto.

Koma njinga ndi chipangizo chopangidwa ndi anthu, ndipo ina imatuluka kufakitale ili kale ndi chilema. Zikatero pali njira zitatu zotetezera wogula: walanti, kuitanitsa njingazo kuti zikakonzedwe, ndi kubweza ndalama. Njira zitatuzi n'zosiyana, koma zonse zimadalira mapepala a tsiku logula. Amene alibe mapepala, chitetezo chonsechi chimamudutsa.

Walanti n'chiyani?

Walanti ndi lonjezo lolembedwa lochokera kwa wopanga kapena wogulitsa. Amalonjeza kuti chinthu chikawonongeka mkati mwa nthawi yakutiyakuti chifukwa cha vuto la kapangidwe, adzachikonza kapena kuchisintha kwaulere. Pa njinga yamoto nthawiyo imawerengedwa pawiri, miyezi ndi makilomita, ndipo walanti imatha pamene chimodzi mwa ziwirizi chayamba kukwana. Apa akabaza ayenera kuchenjera. Mphunzitsi amene amangopita kusukulu n'kubwerera akhoza kumaliza miyezi yonse, koma wakabaza amene amayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku amamaliza makilomitawo msanga. Makampani ena amafupikitsanso walanti ngati njinga ikugwira ntchito yonyamula anthu, choncho funso ili n'lofunika kulifunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Paja safunsa anadya phula.

Walanti siikhudza zinthu zimene zimatha n'kugwira ntchito. Matayala, tcheni, mapulagi, mababu ndi zogwirira mabuleki zimaperepeseka pa njinga iliyonse, ndipo kuzisintha ndi udindo wa mwini. Siikhudzanso ngozi, kunyamula katundu wopyola muyezo, kapena kuthira petulo wosakaniza wa m'zigubu. Chimene imakhudza ndi monga injini yodya oyilo njinga ikadali yatsopano, giya yodumpha yokha, kapena chitsulo cha thupi la njinga chong'aluka pamene anawotcherera.

Lonjezoli lili ndi mbali ya wogula. Kawirikawiri amafuna kuti njinga izipita kusevisi panthawi yake, kugalaja imene wogulitsa anavomereza, ndipo sevisi iliyonse izidindidwa m'kabuku. Apa mpamene ambiri amagwera. Njinga ikayamba kulira zachilendo, n'chapafupi kuitengera kwa makaniko wa pasiteji kusiyana n'kupita nayo ku Limbe. Makanikoyo akhoza kukhala waluso ndithu, koma akangomasula injini, wogulitsa amapeza chifukwa chokanira.

Kuitanitsa njinga

Nthawi zina vuto silikhala la njinga imodzi. Kampani imatha kuzindikira kuti njinga zonse zimene zinapangidwa m'miyezi inayake zili ndi chitsulo cholakwika chimene chingavulaze anthu. Ikatero imalengeza kuti eni ake abwere nazo kuti zikonzedwe kwaulere. Pachingerezi amati recall. Kusiyana kwake ndi walanti n'kwakuti pano sitidikira kuti njinga iwonongeke kaye, ndipo kawirikawiri amakonza ngakhale walanti inatha kale, ngakhalenso njingayo ili m'manja mwa mwini wachiwiri.

Izi zimachitikira ngakhale makampani otchuka. Mu May 2021 kampani ya Royal Enfield ya ku India inaitanitsa njinga 236,966 za mitundu ya Meteor, Classic ndi Bullet chifukwa cha vuto la koyilo, kachipangizo kamene kamapereka moto ku pulagi. Mu 2018 Harley-Davidson ya ku America inaitanitsa njinga zoposa 238,000 chifukwa cha vuto la kalachi. Kuitanitsa kwakukulu koposa m'mbiri ya magalimoto kunali kwa matumba a mpweya oteteza pangozi a kampani ya Takata ya ku Japan, amene ankaphulika n'kumwaza tizitsulo. Vutoli linakhudzanso njinga zina za Honda Gold Wing, ndipo mu 2017 kampani ya Takata inagwa.

Kuno kwathu kuitanitsa kumene ambiri timakumbukira ndi kwa mu March 2018, pamene polony ya Enterprise yochokera ku South Africa inachotsedwa m'masitolo chifukwa cha matenda a listeriosis. Zimenezo zinatheka msanga popeza katunduyo anali pamashelefu. Njinga yamoto ikagulidwa imalowa m'makwalala, ndipo kampani iyenera kuisaka.

Imaisaka ndi nambala ya chesisi. Njinga iliyonse ili ndi nambala yakeyake yodindidwa pachitsulo, kawirikawiri pakhosi pamene pamazungulira chiwongolero, ndipo pa njinga zambiri za masiku ano imakhala ya zilembo ndi manambala 17. Kampani imadziwa kuti vuto lili pa njinga za kuyambira nambala iyi kulekeza iyi, kenako imauza ogulitsa ake, ndipo ogulitsawo amaimbira eni ake. Royal Enfield inachita chimodzimodzi. Ndiye kuti unyolo wake ndi wotere: fakitale, wogulitsa wovomerezeka, wogula wolembedwa m'kaundula.

Pamene unyolowu umadukira

Tikayang'ana pasiteji ya kabaza tiona mayina monga Lifo, Kinglion, Sanlg ndi Boxer. Zina zinagulidwa m'masitolo a mu Limbe ndi mu Blantyre. Zina zinalowa kuchokera ku Mozambique kudzera ku Mwanza kapena ku Muloza, zinanso kuchokera ku Tanzania. Zambiri zadutsa m'manja awiri kapena atatu, pamgwirizano wapakamwa, ndipo si zonse zimene zinalembetsedwa ku Road Traffic.

Njinga yotere ikakhala m'gulu loitanitsidwa, palibe amene angamuimbire mwini wake. Sitolo ya ku Tete kapena ku Milange sidziwa kuti njingayo tsopano ikukwera mitunda ya ku Nancholi. Walanti nayo kawirikawiri imagwira ntchito m'dziko limene njinga inagulidwa. Mtengo wotsika wa kutsidya kwa malire umakoma tsiku logula, koma wogulayo amakhala atasenza yekha chilema chilichonse chimene fakitale inasiya.

Vuto lina ndi la dzina. Pa kabaza, mwini njinga ndi woyendetsa nthawi zambiri amakhala anthu awiri. Bwana amagula, mnyamata amayendetsa n'kumapereka ndalama yapatsiku kapena yapamlungu. Lisiti lili kwa bwana, koma amene akumva kuti mabuleki sakugwira bwino ndi mnyamata. Njinga ikagona kugalaja masiku atatu, ndi mnyamatayo amene banja lake ligone ndi njala, popeza walanti siilipira ndalama zimene munthu akanapanga. N'chifukwa chake ena amangopitiriza kuyenda ndi njinga yodwala. Ndi bwino awiriwa agwirizane poyambirira, molemba, kuti masiku amene njinga ili kugalaja chifukwa cha vuto la kufakitale, ndalama yapatsiku iziyima. Kupanda kutero, amene alipire ndi mayi wokwera kumbuyo, pamene njinga yakanika kuima pamtsetse n'kukathera ku chipatala cha Gulupu.

Nanga kubweza ndalama?

M'masitolo ena timaona chikwangwani kapena mawu apansi pa lisiti onena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mawu amenewa sangachotse ufulu wa wogula ngati katunduyo ali ndi chilema. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, komanso Competition and Fair Trading Act, limene linakhazikitsidwa mu 1998 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lakhala likudzudzula ndi kulanga amalonda okana udindo pa katundu wowonongeka. Lamulo la 2024 linalipatsa mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, komanso yolipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene imapeza pachaka.

Tisamve molakwika. Lamulo silinena kuti munthu abweze njinga chifukwa wasintha maganizo kapena waona ina yokongola. Ndiponso wogulitsa amayamba wayesa kukonza. Kusintha njinga yonse kapena kubweza ndalama kumabwera pamene vuto ndi lalikulu, kapena likubwererabwerera atakonza.

Pali mfundo ina imene ikukhudza ife a kuno makamaka. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera nthawi yomweyo. Munthu amene anagula njinga mu October chaka chimenecho, akanabwezeredwa ndalama zake mu December, sakanathanso kugula njinga yofanana nayo. Choncho pamene mitengo ikuthamanga, kupempha njinga ina kumaposa kupempha ndalama, ndipo kuchedwa kudandaula n'kudzidyera wekha.

Zoyenera kuchita

Tsiku logula tisachoke m'sitolo popanda lisiti la makina a MRA, kapena lina lokhala ndi dzina ndi chidindo cha sitolo. Palisitipo palembedwe nambala ya chesisi ndi ya injini, ndipo tiyerekeze ndi maso athu ndi zimene zili pachitsulo. Malisiti a makina amafufutika pakapita miyezi, ndiye tiwajambule pafoni ndi kupangitsa fotokope. Walanti ikhale yolembedwa, osati ya pakamwa, ndipo wogulitsa asunge nambala yathu ya foni. Tilembetse njinga ku Road Traffic m'dzina lathu. Ngati tikugula kwa mnzathu, titenge mapepala onse, tilemberane kalata pamaso pa mboni, ndipo tikadziwitse sitolo imene inagulitsa poyamba kuti mwini wasintha.

Vuto likaoneka, tiyimitse njinga, makamaka ngati likukhudza mabuleki, chiwongolero kapena kudontha kwa petulo. Tilembe tsiku ndi makilomita, tijambule, kenako tipite kwa wogulitsa wina aliyense asanamasule kanthu. Posiya njinga tilandire kapepala kosonyeza kuti ailandira. Akakana kutithandiza, tiwalembere kalata n'kusunga ina. Pambuyo pake tingadandaule ku CFTC, kapena kupempha uphungu ku bungwe la Consumers Association of Malawi. Ngati akabaza angapo pasiteji imodzi aona vuto lofanana pa njinga za mtundu umodzi, akadandaule pamodzi kudzera mwa wapampando wawo, ndipo adziwitsenso a Malawi Bureau of Standards, amene amaona za miyezo ya katundu. Kuitanitsa kwambiri kumayamba ndi madandaulo ofanana ochokera kwa anthu osiyanasiyana. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Chilungamo cha mbali zonse

Ife Akhristu nkhaniyi si yachilendo. Lamulo la Mose pa Deuteronomo 22:8 linkafuna kuti womanga nyumba aike kampanda padenga kuopa kuti munthu angagwe. Wopanga chinthu ali ndi udindo pa moyo wa amene adzachigwiritse ntchito, ndipo wogulitsa amene akudziwa chilema n'kukhala chete ali ndi mlandu. Koma muyezo womwewo ukutikhudza ifenso. Kubweza mita ya makilomita m'mbuyo, kubisa kuti njinga inagwa kuti walanti ilipire, kapena kugulitsa msangamsanga njinga imene tikudziwa kuti mabuleki ake ndi okayikitsa, zonsezi n'kuba.

Ukapitawo umene timaphunzira kutchalitchi umafikanso pa kasungidwe ka chuma chimene banja lavutikira. Patchuthi chikubwerachi, tiyeni tifunse achimwene, amalume kapena mkulu wampingo amene ali ndi njinga yamoto ngati akudziwa pamene pali nambala ya chesisi, ndiponso ngati lisiti lake likuwerengekabe. Ngati likufufutika, tiwathandize kulijambula lisanatheretu.