Madzi a ku Beira Amapita Kuti?

Amayi ndi abambo, lero tiyambe taika khasu pansi. Phunziro lathu lichoka kumunda, lipita ku nyanja yaikulu ya mchere. Ndikudziwa kuti wina anena, "Ife a ku Angónia nyanja itithandiza chiyani? Kwathu ndi chimanga, nyemba ndi kachewere basi." Dikirani pang'ono. Mchere umene mwathira m'ndiwo lero wachokera kumeneko. Mitambo yambiri yotibweretsera mvula imayambira komweko. Ndipo dziko lathu la Mozambique lagona m'mbali mwa nyanja mtunda woposa makilomita 2,400.

Ine ndinaiona koyamba pamene anatituma ku Beira kukaphunzira kaphunzitsidwe ka anthu akuluakulu. Tinafika m'mawa. Ndinaona madzi osaoneka tsidya, mabwato a asodzi akuyandama pafupi ndi gombe. Masana nditabwerera pa malo omwewo ndinaima kukamwa yasa. Madzi kulibe! Mabwato aja atakhala pa matope ngati nkhumba zogona, amayi akuyenda ndi madengu kutola tinkhono pamene m'mawa panali pozama. Ndinafunsa msodzi wina wachikulire kuti, "Bambo, kodi kwagwa chilala?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Mwanawe, iwe ndi wa kumapiri eti? Khala pomwepo, koma nsapato zako unyamule." Dzuwa lisanalowe madzi anali atabwerera, ndipo pamene ndinaima paja panamira.

Mwezi ndiwo umakoka madzi

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kumeneku anzathu a kugombe amakutcha maré, m'Chipwitikizi. Kumachitika kawiri usana ndi usiku. Madzi akadzaza, pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa kuti aphwe, kenaka maola ena otero kuti adzazenso. Kuchokera pa kudzaza kwina kufika pa kudzaza kotsatira ndi maola 12 ndi mphindi 25.

Chochititsa chake ndi mwezi. Dziko limakoka zinthu, n'chifukwa chake mango amagwa pansi. Mwezi nawonso umakoka dziko, ngakhale uli kutali. Mwala sumva msanga, koma madzi amamva. Mbali ya dziko imene yayang'ana mwezi, madzi amakokedwa kwambiri n'kuunjikana. Mbali ya kuseri, madzi amakokedwa pang'ono, choncho amatsalira n'kuunjikananso. Milu ya madzi ilipo iwiri. Dziko pozungulira, gombe la Beira limadutsa pa mulu woyamba, kenaka pa wachiwiri.

Koma mwezi sukhala malo amodzi. Inu nomwe mudziwa kuti umachedwerachedwera kutuluka tsiku ndi tsiku. Madzi nawonso amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngati lero madzi adzaza 6 koloko m'mawa, mawa adzadzaza mphindi 10 isanakwane 7 koloko. Nanga mkuja? Lembani yankho m'kope.

Dzuwa limakokanso, koma mphamvu yake pa madzi siifika theka la mphamvu ya mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukafa, dzuwa ndi mwezi zimakoka pa mzere umodzi, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Pamenepo madzi amakwera kwambiri ndiponso amathawa patali. Ku Beira masiku amenewo amakwera ndi kutsika mamita oposa 6. Ganizani amuna atatu ndi theka atasanjikizana pamapewa. Mwezi ukakhala theka, ng'ombe zija zimakoka kosiyana, ndipo madzi amangosuntha pang'ono.

Izi si nkhani zongocheza nazo. Usiku wa pa 14 Malichi 2019, namondwe Idai anagwa pa Beira. Mphepo inakankhira madzi a m'nyanja kumtunda. Anthu ambiri anafa, nyumba ndi minda zinapita, makamaka mitsinje ya Búzi ndi Púnguè itasefukira. Koma usiku umenewo mwezi unali theka. Akadafika mwezi uli wathunthu, sabata imodzi yokha pambuyo pake, madzi a m'nyanja akadalowa mu mzinda kuposa mmene analowera. Amene muli ndi ana ogwira ntchito ku Beira kapena ku Quelimane, mukamva pa wailesi kuti namondwe akubwera, muziyang'ananso mwezi.

Mayi wina m'kalasi yathu anakhalapo ku Metangula. Anati, "Aphunzitsi, nanga nyanja ya Niassa bwanji sithawa masana?" Funso labwino. Mwezi umaikokanso, koma nyanjayo ndi yaing'ono poyerekeza ndi inzakeyi, motero kusuntha kwake sikuoneka ndi maso. Iyo imakwera ndi dzinja, imatsika ndi chilimwe.

Za mchere

Ku Beira ndinalawa madziwo. Sindidzabwerezanso. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli mchere magalamu pafupifupi 35. Ndowa ya malita 20 mukaiumitsa mupeza magalamu 700, kuposa theka la kilo. Munthu akamwa madzi otere ludzu limakula, chifukwa impso zimafuna madzi ena ambiri kuti zitulutse mcherewo. Sopo naye sachita thovu bwino.

Mcherewu unabwera bwanji? Mvula ikagwa imasungunula timchere ta m'miyala ndi m'nthaka, pang'ono kwambiri koti lilime silimva. Mitsinje imatenga timchereto kupita nato kunyanja. Mchere wina umatuluka m'ming'alu yotentha ya pansi pa nyanja. Tsono dzuwa likawomba limakweza madzi okha kukhala mitambo, mchere n'kutsala. Zakhala zikutero zaka zosawerengeka. Nyanja ya Niassa ili ndi khomo lotulukira, mtsinje wa Shire, n'chifukwa chake madzi ake ndi okoma. Nyanja ya Chilwa, pa malire athu ndi Malawi, ilibe khomo, ndipo madzi ake amamveka mchere.

Apa ndiye mlimi atchere khutu. Dimba lopanda potulukira madzi lili ngati Chilwa. Ukamathirira pang'onopang'ono pa dothi losataya madzi, dzuwa limamwa madzi, mchere umatsala pamwamba. Chaka ndi chaka umachuluka. Kenaka umaona zoyera ngati phulusa pa mizere, mbeu zikufota pamene nthaka ili yonyowa. Mizu imalephera kumwa, monga munthu uja womwa madzi a m'nyanja. Ku Chókwè, ku minda yaikulu yothirira ya m'mbali mwa Limpopo, vuto limeneli laononga malo ena. Mankhwala ake ndi ngalande. Kumbani potulukira madzi kumunsi kwa dimba, nthawi zina thirani madzi ambiri kuti atsuke nthaka, ndipo musaonjeze fetereza mopyola muyeso, pakuti nayenso ndi mtundu wa mchere. Manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi udzu kumathandiza kuti dzuwa lisamwe madzi msanga.

Alimi a mpunga a kufupi ndi Quelimane ali ndi nkhondo ina. M'chilimwe mitsinje ikachepa mphamvu, madzi a mchere amakwera nayo mitsinjeyo pa masiku a mwezi wathunthu. Akalowa m'munda, mpunga umapsa. Zitsime zina zimasanduka zamchere.

Komabe mchere womwewo ndi chuma. Ku Nova Mambone ndi ku Nacala anthu amalowetsa madzi a m'nyanja m'mabwalo osaya, n'kutseka. Dzuwa limagwira ntchito, iwo n'kudzakokola mchere. Agogo athu ankavutika kutcheza chidulo, ife timangogula. Pogula funsani wothira ayodini, woteteza ku chithokomiro. Matendawa amakonda ife a kumapiri, okhala kutali ndi nsomba za m'nyanja.

Mitsinje ya m'kati mwa nyanja

Nyanja siima ngati chithaphwi. M'kati mwake muli madzi oyenda ngati mitsinje yopanda magombe. Mphepo ndiyo imawakankha, kuzungulira kwa dziko n'kumawakhotetsa. Komanso madzi ozizira ndi amchere wambiri amalemera, amamira, n'kumayenda pansi.

Kwathu kuno madzi ofunda amachokera kum'mawa, n'kulowa pakati pa dziko lathu ndi chilumba cha Madagascar. Mpata umenewu, pamene wapanikizika kwambiri, ndi makilomita pafupifupi 420. Kale m'mabuku ankajambula muvi umodzi wolunjika kumwera. Oyeza nyanja atayeza bwino anapeza kuti madziwo amayenda akuzungulira, ngati akavuluvulu akuluakulu otsatizana, mmodzi kukula kwake makilomita mazana angapo. Kumwera amakathira mu mtsinje wamphamvu wa Agulhas, wodutsa ku South Africa. Amalinyero akale anauona ukali wa madziwa. Pafupi ndi Inhambane pali malo otchedwa Cabo das Correntes, kunena kuti nsonga ya madzi othamanga.

Kufunda kwa madzi amenewa kuli ndi mbali ziwiri. Kumatipatsa nthunzi ya mvula. Kumadyetsanso namondwe, pakuti iye amakula pa nyanja yofunda madigiri 26 kapena kuposa. Freddy mu 2023 anagwa pa dziko lathu kawiri. Anayamba pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale, n'kubwerera m'nyanja kukatenga mphamvu, kenaka anagwa pa Quelimane mu Malichi, n'kupitirira kukagumula mapiri kumwera kwa Malawi.

Pansi pake pali chiyani?

Bambo wina anayankha kuti, "Mchenga basi." Ayi bambo. Pansi pa nyanja pali zigwa, zidikha, maphompho ndi mapiri. Ukachoka pagombe umayamba wayenda pa khonde losaya, kenaka pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi. Pakati pa ife ndi Madagascar pali malo ozama mamita oposa 3,000. Phiri la Binga, lalitali kuposa onse m'dziko lathu, ndi mamita 2,436. Mutaliika pamenepo lingamire lonse, nsonga osaoneka. Ku nyanja ya Pacific kuli phompho la Mariana, lozama pafupifupi mamita 11,000. Kumeneko kuli mdima ndi kuzizira kosatha.

Khonde la kutsogolo kwa Beira ndi lotambalala kwambiri. Amalitcha Banco de Sofala. Kusaya kwake ndiko kumaunjika madzi kuti maré wa ku Beira akule chotero kuposa wa ku Maputo. Matope a pamenepo anabwera ndi Zambezi ndi mitsinje inzake. Ndipo mverani izi: mvula ikakokolola munda wanu wolima motsetsereka, dothilo limalowa m'timitsinje, timitsinje mu Revúbuè, Revúbuè mu Zambezi pafupi ndi Tete, Zambezi n'kukalitula m'nyanja cha ku Chinde. Nditaponda matope a ku Beira ndinaganiza za mizere ya kwathu imene sitinaikonze mopingasa.

M'matope amenewo mumakhala tinyama tokhala ngati dzombe la m'madzi, totchedwa camarão, timene dziko lathu limagulitsa kunja. Tiana take timakulira m'mizu ya mitengo yomera m'madzi a mchere, imene amaitcha mangal, ndipo madzi osefukira a Zambezi amatithandiza kutsikira kunyanja. Chimangireni damu la Cahora Bassa mu 1974, kasefukiridwe ka mtsinje kanasintha, ndipo ofufuza anapeza kuti zimenezi zimakhudza kuchuluka kwa camarão. Odula mangal kuti awotche makala akuonjezera bala pa bala. Mitengo yomweyo ndiyo mpanda wochepetsa mafunde a namondwe.

Pa phunziro lotsatira tidzayesa ndi manja athu. Gulu loyamba libwere ndi makapu awiri a madzi, mchere wodzaza dzanja ndi dzira limodzi laliwisi. Tidzaliika m'madzi okoma, kenaka m'madzi a mchere wambiri, tione mmene limire ndi mmene liyandame. Mwini dzira asade nkhawa, adzabwerera nalo. Gulu lachiwiri lithire madzi a mchere m'mbale yosaya, liike padenga la nkhokwe masiku atatu, libwere nayo osaitsuka. Ndipo aliyense usiku uno atuluke panja, aone mwezi, aujambule m'kope, pansi pake alembe tsiku.