N'CIFUKWA CIANI COTUPA CA MU UBONGO CIMABWELANSO PAMBUYO PA OPALESHONI?

Abale odwazika munthu wa khansa ya mu ubongo kawili-kawili amatifunsa kuti: "Adokotala anati cotupa acotsa, nanga cabwelanso bwanji?" Ena amaganiza kuti opaleshoni inalakwika. Ena amathamangila kwa ng'anga, ati pali dzanja la munthu. Yankho lake lili m'maselo a cotupaco.

Zotupa za mu ubongo n'zamitundu-mitundu. Zina zimakhala pamalo amodzi ngati mbatata, ndipo zikacotsedwa munthu amacila. Koma khansa yochedwa glioblastoma, imene ndiyo yoopsa koposa kwa akulu-akulu, ili ngati kapinga m'munda. Mungazule amene mukuona, koma mizu yayenda kale pansi.

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo, tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Pa khungu la selo iliyonse pali tuzigawo tochedwa ma receptor. Twina tumagwila nchito ngati eliyo ya wailesi: tumalandila uthenga wouza selo kuti ikule, igawike kapena iyende. Twina tuli ngati tumanja togwilila.

Receptor imodzi yofunika kwambili ndi EGFR. Mwa odwala glioblastoma 10 alionse, pafupi-fupi 4 ali ndi maselo okhala ndi EGFR yoculuka mopitilila. Mwa ena ndi yoonongeka, moti imalamula selo kugawika ndi kuyenda ngakhale palibe uthenga wafika. Zili ngati swichi ya magetsi imene yakana kuzima.

Tumanja tuja, tochedwa integrin ndi CD44, tumagwila zinthu zozungulila selo. Selo imagwila kutsogolo, n'kudzikoka, n'kusiya kumbuyo, monga mmene mbozi imayendela. Imatulutsanso timadzi tosungunula zochinga panjila. Motelo maselo amathawa pa cotupa imodzi-imodzi, kutsatila mitsempha ya magazi ndi mitsempha ya ubongo, nthawi zina mpaka kuolokela mbali ina ya mutu. Maselo othawawa saoneka ngakhale pa cithunzi ca CT kapena MRI.

Mu 1928, dokotala wa ku America, Walter Dandy, analemba za odwala amene anawacotsa pafupi-fupi theka lonse la ubongo pofuna kuthetsa cotupa. Mwa amene anapulumuka opaleshoniyo, khansa inabwelanso. Conco cotupa cikabwela, si kuti dokotala analephela nchito. Mpeni sungatole selo iliyonse popanda kuononga kulankhula, kuona ndi kuyenda kwa munthu.

Akatswili ayesa kupanga mankhwala otseka ma receptor amenewa. Mankhwala ochedwa cilengitide, otseka integrin, anayesedwa pa odwala ambili, koma zotsatila za mu 2014 zinaonetsa kuti sanatalikitse moyo. Vuto n'lakuti maselo a cotupa cimodzi safanana. Mukatseka khomo limodzi, ena amatulukila kwina. Kucokela mu 2005, cithandizo codalilika ndi opaleshoni, kuocha ndi makina, ndiponso mankhwala a temozolomide. Izi sizicilitsa kothelatu, koma zimacepetsa ululu ndi kuonjezela miyezi ya moyo. Kuno kwathu odwala otele amatumizidwa ku Lusaka, ku UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007.

Pitani naye ku cipatala msanga munthu amene ali ndi zizindikilo izi: mutu wopweteka tsiku ndi tsiku, maka-maka m'mawa, pamodzi ndi kusanza; kugwa khunyu koyamba ali wamkulu kale; kufooka dzanja kapena mwendo mbali imodzi; kusaona bwino; kapena kusintha khalidwe mosadziwika bwino. Musataye mtima, pakuti zizindikilo zomwezi zimabwelanso ndi TB ya mu ubongo, nyongolotsi za nkhumba, kapena matenda ena obwela ndi HIV, ndipo amenewa ali ndi mankhwala. Kupima kokha ndiko kungasiyanitse.

Kumbukilani: khansa ya mu ubongo si yopatsilana. Idyani naye mbale imodzi wodwala wanu, ndipo ndalama za kwa ng'anga zisungileni ulendo wa ku cipatala.