Tabuleti

Tabuleti ndi kompyuta yopyapyala yonyamulika m'manja, yomwe munthu amaigwiritsa ntchito pokhudza sikirini ndi chala kapena cholembera chake chapadera. Kukula kwake ili pakati pa foni yamakono ndi laputopu. Sikirini yake nthawi zambiri imakhala ya mainchesi 7 mpaka 13, kuyeza mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pangodya inzake.

Mbiri

Kampani ya Microsoft inatulutsa Windows XP Tablet PC Edition m'chaka cha 2002, koma makina ake anali olemera ndiponso odula, choncho sanafale. Zinthu zinasintha pa 27 January 2010 pamene Steve Jobs anaonetsa iPad ya kampani ya Apple. Inayamba kugulitsidwa ku America mu April chaka chomwecho pa mtengo woyambira madola 499, ndipo inali ndi sikirini ya mainchesi 9.7 ndi malo osungira zinthu a 16, 32 kapena 64 GB. Chaka chomwecho Samsung inatulutsa Galaxy Tab ya mainchesi 7 yoyendera Android. Mu 2011 Amazon inabweretsa Kindle Fire pa madola 199, ndipo Microsoft inabwereranso mu 2012 ndi Surface.

Kusiyana kwake ndi foni komanso laputopu

Tabuleti imaposa foni pa kuwerenga mabuku ndi manotsi a PDF, kuonera mavidiyo ndi kujambula pamanja, chifukwa tsamba lonse limaoneka popanda kulikulitsa. Batire yake imakhala yaikulu kuposa ya foni, ngakhale sikirini yaikuluyo imadyanso moto wambiri. Kamera ya tabuleti kawirikawiri imachepa mphamvu poyerekeza ndi ya foni ya mtengo womwewo.

Laputopu imaposa tabuleti pa kulemba zinthu zazitali ndi kuyendetsa mapulogalamu akuluakulu. Word ndi Excel zilipo pa Android ndi pa iPad, koma zina zomwe zimatheka pa kompyuta sizipezekamo. Kiyibodi ya tabuleti imagulidwa padera, ndipo mtengo wa zonse pamodzi umatha kufanana ndi wa laputopu yabwino yogwiritsidwapo kale ntchito. Kumbali ya magetsi, tabuleti imatchajika ndi kasola kakang'ono kapena power bank, pomwe malaputopu ambiri amafuna mphamvu yokulirapo.

Palinso makina owerengera mabuku okha monga Kindle, yomwe inatuluka mu 2007. Sikirini yake imaoneka ngati pepala ndipo batire imatha masabata angapo, koma mavidiyo saonereka bwino.

Wi-Fi yokha kapena simu khadi

Matabuleti ambiri amapangidwa mitundu iwiri: wa Wi-Fi yokha, ndi wina wolowa simu khadi womwe umakwera mtengo. M'mayiko momwe nyumba zambiri zili ndi Wi-Fi nkhaniyi ndi yaing'ono. Ku Malawi, komwe ambiri amapeza intaneti pogula mabandulo a Airtel kapena TNM, mwini tabuleti ya Wi-Fi yokha amadalira hotspot ya foni, ndipo batire ya foniyo imatha msanga. Ngakhale iPad yolowa simu khadi, simuyo ndi ya intaneti basi. Siimba foni mwachizolowezi, ndipo manambala oyamba ndi nyenyezi omwe anthu amaimba potumiza ndalama pafoni sagwira. Matabuleti ena a Android okhala ndi simu amaimba ngati foni.

Malo osungira zinthu

Apa ndi pomwe ogula ambiri amasokonezeka, chifukwa pabokosi pamalembedwa manambala awiri, onse a GB. Mwachitsanzo, 4 GB + 64 GB. Nambala yaing'onoyo ndi RAM, malo omwe makina amagwiritsa ntchito pa zomwe zatsegulidwa nthawi imeneyo. RAM ikachepa, tabuleti imachedwa ndipo mapulogalamu amadzitseka okha. Nambala yaikulu ndiyo nkhokwe yosungiramo zithunzi, nyimbo, mabuku ndi mapulogalamu, ndipo zinthuzo sizifufutika makina akazima.

Nkhokweyi sikhala yonse ya mwini wake. Android kapena iPadOS pamodzi ndi mapulogalamu obwera nawo zimatengako ma GB angapo munthu asanaikemo kanthu. N'chifukwa chake tabuleti ya 16 GB, yomwe inali yokwanira mu 2010, lero imadzadza pakangopita nthawi yochepa. Mabuku ndi manotsi satenga malo ambiri. Zomwe zimadzadza nkhokwe ndi mavidiyo, magemu, ndi zithunzi zobwera m'magulu a WhatsApp zomwe zimadzisunga zokha.

Matabuleti ambiri a Samsung ndi Lenovo ali ndi polowetsera memore khadi ya microSD. Makhadi a mtundu wa SDHC amafika 32 GB, pomwe a SDXC amatha kufika 2 TB. Pa iPad palibe polowetsera khadi, ndiye amene wagula ya 64 GB adzakhala nayo choncho mpaka kalekale, kupatula kulumikiza fulashi kunja. Komabe memore khadi imachedwa kusiyana ndi nkhokwe ya mkati, ndipo mapulogalamu ambiri salola kusamutsidwira pakhadi. Pamsika pamapezekanso makhadi achinyengo olembedwa 128 GB pomwe mkati mwake muli malo ochepa. Khadi yotere imaoneka ngati ikulandira zinthu, kenako mafayilo amakana kutseguka.

Google Drive imapereka 15 GB yaulere pa intaneti ndipo iCloud imapereka 5 GB, koma kuika ndi kutenga zinthu kumeneko kumadya bandulo.

Mtengo ndi phindu

Mtengo wogulira suonetsa zonse. Tabuleti yotchipa kwambiri ya dzina losadziwika nthawi zambiri silandira zokonzanso za chitetezo, ndipo sikirini ikasweka, ina yolowa m'malo imasowa kwa okonza mafoni. Ya kampani yodziwika imalandira zokonzanso kwa zaka zingapo ndipo imagulitsikanso.

Pa zogwiritsidwapo kale ntchito, batire ndiyo imayamba kufooka, ndipo m'matabuleti ambiri ndi yomatidwa mkati. Kuyambira 2013 Apple inaika Activation Lock, yomwe imamangirira iPad ku akaunti ya mwini wake. Ngati mwini woyambayo sanachotse akauntiyo, wogula sangathe kuitsegula, ngakhale ikhale yowala ngati yatsopano.

Ku Malawi

Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, National Statistical Office inagwiritsa ntchito matabuleti m'malo mwa mapepala. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, yomwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Pulogalamu yophunzitsira ndi ya bungwe la onebillion, ili m'Chichewa, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti.