Nkhondo ya m'chisanu yalowa mumsika wa Mangochi

Kuno ku Mangochi dzuwa la Okutobala limachita kuswa mtengo, koma anyamata ena akukhalira kuthamanga m'chipale chofewa choyera kuti mbee. Musadabwe akuluakulu, chisanucho chili m'foni.

Gemu yake ndi Call of Duty: Mobile ya kampani ya Activision, yomwe idatuluka mu Okutobala 2019. Mwa mabwalo ankhondo omwe ali m'menemo muli lina lotchedwa Summit, kampu ya asilikali a Soviet Union pamwamba pa mapiri a Ural. Bwaloli lidayamba kuoneka mu 2010 m'gemu ya Black Ops.

Ine gemuyi ndafatsa nayo. Pa kaseweredwe kotchedwa Domination, matimu awiri a anthu 5 mbali iliyonse amalimbirana malo atatu: A, B ndi C. Kuti malo akhale anu mumayenera kuimapo kanthawi, ndipo mapointi amabwera malinga mukuwasunga. B ndiye ali pakati, choncho m'pamene zipolopolo zimavumba ngati mvula.

Chinsinsi chake n'chakuti wothamangira kukaombera adani kutali, n'kusiya malo pululu, amagwetsa timu ngakhale ataombera anthu ambiri bwanji.

Apa m'pamene pagona nkhani, inu a geni. Mnyamata amene mwamusiyira benchi uja akulondera B ku Russia, pomwe usipa ndi utaka zili zokha. Kasitomala afunsa mtengo kawiri, kachitatu wapita kwa neba. Mpikisanowu suimitsika chifukwa anzake akusewera nthawi yomweyo pa intaneti, ndipo iye akadzuka kukapereka tchenji ati wagulitsa timu.

Kuika gemuyi m'foni ndi ulere, koma bandulo njogula, kutchajitsa foni nkolipira, komanso muli tindalama totchedwa CP togulira zovala ndi mfuti zokongola. Kodi zonsezi zichokera kuti ngati si m'kambale ka tchenji?

Sindikuti muphwanye foni ayi. Khalani naye pansi mugwirizane: gemu izibwera geni ikatha, ndipo bandulo izichokera pa kangachepe kake, osati pa mpamba. Kenako mufunseni chimene chimachitika timu ikachoka pa B. Yankho akulidziwa kuposa inu, ndiye mungomuuza kuti B wa banja lanu ndi benchilo.