Ku Mauritius zidzukulu za odula nzimbe zimaphunzira ulere

Tsiku lililonse la sukulu pachilumba cha Mauritius, mwana amakwera basi, n'kuonetsa kakhadi kake kwa kondakitala, n'kukhala pampando osalipira kanthu. Kusukulu kumene akupitako kulibe fizi, kaya ndi kupulayimale kaya kusekondale. Akakhoza bwino n'kulowa kuyunivesite ya boma, digiri yoyamba aphunziranso ulere. Ambiri mwa ana amenewa ndi zidzukulu za anthu amene ankagwira ntchito ngati yathu yomweyi, yolawirira kumunda wa mwini ndi chikwanje m'manja.

Mauritius ili m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, kum'mawa kwa Madagascar, ndipo ndi membala mnzathu m'bungwe la SADC. Chilumbachi n'chaching'ono zedi. Kutalika kwake ndi makilomita ngati 65, mtunda wofanana ndi wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba, ndipo anthu ake ndi oposa pang'ono 1.2 miliyoni. Kulibe golide, kulibe mafuta. Pamene dzikoli linkalandira ufulu wodzilamulira pa 12 Marichi 1968, pafupifupi ndalama zonse zochokera kunja zinkabwera ndi shuga basi. Lero mwa anthu 100 alionse, oposa 90 amatha kuwerenga ndi kulemba.

Anafika ndi unyolo, ena ndi kontirakiti

Oyamba kulima nzimbe pachilumbachi anali akapolo, ambiri ogwidwa ku Madagascar ndi ku Mozambique. Ukapolo utathetsedwa mu 1835, eni maesiteti anatembenukira ku India, n'kumakatenga anthu osauka pa kontirakiti ya zaka zisanu. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anabwera m'njira imeneyi, ndipo ambiri ankatsikira padoko lina mumzinda wa Port Louis, pamalo amene lero akutchedwa Aapravasi Ghat. Ankagona m'makomboni a paesiteti, malipiro ochepa, mwana akangosinkhukirako naye ankalowa m'munda. Anzathu a ku KwaZulu-Natal nkhaniyi sangaidabwe, chifukwa nakonso amwenye anayamba kufika mu 1860 kudzadula nzimbe pa kontirakiti yotereyi.

Anthuwa sanakhale chete mpaka kalekale. Mu 1937 kunabuka sitalaka yaikulu, ndipo pa esiteti ya Union Flacq anthu anawomberedwa n'kufa. Mu 1943 pa esiteti ya Belle Vue Harel apolisi anawombera antchito onyanyala, ndipo mwa ophedwawo munali mayi woyembekezera dzina lake Anjalay Coopen. Mpaka pano dzina lake silinaiwalike, moti bwalo lina lalikulu la masewera linatchedwa dzina la mayiyu.

Cholembera chinatsegula khomo la voti

Nayi mfundo imene ife a m'mafamu tiyenera kuigwira bwino. Mu 1947 atsamunda a ku Britain anasintha malamulo a chisankho, n'kunena kuti munthu wamkulu, mwamuna kapena mkazi, atha kuvota ngati angathe kuwerenga ndi kulemba mawu ochepa m'chilankhulo chimodzi mwa zolankhulidwa pachilumbapo. M'midzi ya amwenye munali kale tinyumba tosonkhanamo totchedwa baitka, m'mene anthu ankaphunzitsana madzulo akaweruka. Mphunzitsi wina, Basdeo Bissoondoyal, ndi gulu lake anayenda mudzi ndi mudzi kulimbikitsa odula nzimbe kuti aphunzire kugwira cholembera. Pofika pachisankho cha 1948, olembetsa kuvota anachoka pa anthu osakwana 12,000 kufika pa oposa 70,000.

Kuchokera pamenepo wandale aliyense wofuna mpando anayenera kuyankha funso la wam'munda lakuti, nanga mwana wanga aphunzira kuti? Nduna yaikulu yoyamba ya dzikoli, Sir Seewoosagur Ramgoolam, anali mwana wa munthu amene anachoka ku India kudzagwira ntchito ya kontirakiti. Iye anaphunzira mpaka kukhala dokotala.

Ana asukulu nawo anaguba

Ufulu utabwera, pulayimale inali yaulere kale, koma sekondale inali ya okhala ndi ndalama. Sukulu za boma zinali zowerengeka, ndipo ana ambiri ankalipira fizi m'sukulu za anthu wamba zimene zina zinalibe ngakhale zipangizo zokwanira. Mu Meyi 1975 ana asukulu zikwizikwi ananyanyala makalasi n'kuguba kulowera ku Port Louis, ndipo anakumana ndi apolisi pamlatho wa Grand River North West. Chakumapeto kwa 1976, chisankho chili pafupi, Ramgoolam analengeza kuti sekondale ikhala yaulere. Zinayamba mu Januwale 1977, boma n'kumalipira ndalama ku sukulu za mishoni ndi za anthu wamba zimene zinalowa m'ndondomekoyi.

Koma kholo lililonse likudziwa kuti fizi si mtolo wokhawo. Mwana amasiya sukulu chifukwa cha mtunda, njala, kapena kusowa buku. Maboma otsatira, ngakhale a zipani zodana, anapitiriza kuchotsa mitolo imeneyi umodziumodzi. Mu 2005 anakhazikitsa lamulo lakuti mwana aliyense akhale pasukulu mpaka atakwanitsa zaka 16, ndipo chaka chomwecho thiransipoti ya ana asukulu inakhala yaulere. Mu 2019 anachotsa fizi ya digiri yoyamba m'sukulu za ukachenjede za boma, kuphatikizapo University of Mauritius ya ku Réduit. Ndalama zake zimachokera ku misonkho, ndipo china chimene chimawathandiza n'chakuti dzikoli lilibe gulu lalikulu la asilikali ankhondo loti lizidya chuma.

Phindu lake linaoneka. Mafakitale osoka zovala atayamba kutsegulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anapeza anyamata ndi atsikana otha kuwerenga malangizo ndi kuwerengera. Kenako kunabwera mahotela a alendo okaona malo, mabanki ndi ntchito za makompyuta. Shuga akulimidwabe, koma sindiye amene wanyamula dziko lonse ngati kale.

Otsalira alipobe

Tisanamizane, si zonse zili bwino. Kwa zaka zambiri mayeso omalizira pulayimale otchedwa CPE anali ngati sefa. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse ankalephera, ndipo ambiri mwa olepherawo anali a m'mabanja osauka, makamaka zidzukulu za akapolo aja. Makolo opezako bwino ankalipirira ana awo maphunziro apadera a madzulo kuti akalowe m'sekondale zotchuka, wosauka n'kumangoyang'ana. Vuto lina linali chilankhulo. Kunyumba ana ambiri amalankhula Kreol, pamene mabuku ndi mayeso zili m'Chingerezi. Amene mwana wake anayamba sukulu m'Chizulu kapena m'Chiafrikaans, kunyumba akulankhula Chichewa, akudziwa ululu wake.

Boma linayesa kukonza. Mu 2003 linasankha sukulu zimene ana ankalephera kwambiri n'kuyamba kuzipatsa chithandizo chapadera, kuphatikizapo chakudya. Mu 2012 Kreol inayamba kuphunzitsidwa kupulayimale kwa ofuna. Mu 2017 mayeso a CPE anachotsedwa, m'malo mwake kunabwera ndondomeko ya zaka 9 za maphunziro oyambira. Maphunziro apadera olipira aja sanathe, ndipo anthu kumeneko akukanganabe za njira yabwino yothandizira mwana wosauka.

Nanga ife kuno?

Ife tili m'dziko la eni, ambiri tilibe voti. Koma lamulo silinatitaye. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wolandira maphunziro oyambira, ndipo mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe kusukulu ya boma chifukwa chosowa satifiketi yobadwira kapena mapepala. Choncho inu mayi, inu bambo, mwana akafika msinkhu, kamulembetseni. Akakubwezani, musapite nokha kachiwiri. Tengani makolo anzanu kapena wa komiti ya antchito, popeza mutu umodzi susenza denga. Ngati sukulu ili kutali ndi famu, lembani mayina a ana onse a pakomboni mukapemphe thiransipoti ku ofesi ya maphunziro.

Ndipo nyengo yokolola ikafika, ganyu ikachuluka, musamutulutse mwana m'kalasi kuti akuthandizeni kudzaza kireti. Ndalama ya tsikulo ithera pa ufa ndi paketi ya shuga, koma kalasi imene waphonyayo sibwereranso. Odula nzimbe a ku Mauritius zinawatengera zaka 30 kuchoka pa kuphunzitsana mu baitka kufika pa sekondale yaulere, ndipo anayambira pomwe tili ifepa.