Kusankha Kamera Yoyamba ya DSLR: Zimene Taphunzira Kuno ku Angónia

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti tinali pa ukwati m'tchalitchi china cha kumudzi kufupi ndi Ulongwe. Nyumbayo inali ya mazenera ang'onoang'ono, ndipo magetsi anali asanafike. Makolo a mkwatibwi anatipempha kuti tijambule, popeza tinali ndi kakamera kolowa m'thumba kamene kanatitumikira zaka zambiri. Zithunzi za panja zinatuluka bwino. Koma za m'kati, pamene awiriwo ankavekana mphete, zinali zachimbuuzi: deresi lili mbee, nkhope zili bii. Agogo ake a mkwatibwi, amene anachokera ku Domwe kudzaona tsikulo, anatisiya mvula isanagwe, ndipo banja linasowa chithunzi chooneka bwino choti adzukulu adzawakumbukirepo.

Kuno kwathu nkhani yotere si yaing'ono. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja ambiri a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu atanyamula ana ndi timitolo tokha. Zithunzi zochepa zimene zinalipo zinatsalira m'nyumba zimene zinapsa kapena kugwa, kotero ambiri a ife sitingathe kuonetsa ana athu nkhope za makolo athu. N'chifukwa chake tinayamba kufunsa za kamera zazikulu zotchedwa DSLR. Zimene tinapeza tafuna kugawana nanu, abale ndi alongo, makamaka inu a makwaya ndi achinyamata amene mukusonkha ndalama zogulira kamera.

Kusiyana kwake kuli pati?

M'kati mwa kamera iliyonse ya masiku ano muli kachipangizo kolandira kuwala, kotchedwa sensa. M'makamera ambiri a m'thumba kachipangizoka n'kakang'ono kuposa chikhadabo, pafupifupi mamilimita 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi. Mu DSLR ya oyamba kumene kamakhala ka mamilimita pafupifupi 23 ndi 15, ndiye kuti kukula kuwirikiza koposa kakhumi. Yerekezani munthu amene akutunga madzi a mvula ndi kapu, mnzake ndi beseni. Mvula ikakhala yamphamvu onse amapeza madzi, koma ikakhala yowaza, wa beseni yekha ndi amene amabwerako ndi kanthu. Kuwala kwa m'matchalitchi athu kuli ngati mvula yowaza.

DSLR ilinso ndi galasi m'kati limene limatumiza chithunzi ku kazenera kosuzumirapo, choncho mumaona ndi diso lanu zimene lenzi ikuona, ngakhale pa dzuwa la Okutobala pamene sikirini imavuta kuona. Mukadina batani imajambula nthawi yomweyo, osati wovina atatembenuka kale. Ndipo lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina.

Komabe tinene poyera: ngati mumajambula panja masana okha, foni yabwino kapena kakamera kanu n'kokwanira. Musagulitse mbatatesi za munda wonse chifukwa chofuna kukoleka chinthu chachikulu m'khosi.

Musatengeke ndi chiwerengero cha megapixel

Wogulitsa amathamangira kutchula kuchuluka kwa megapixel. Koma Nikon D40 imene inatuluka mu 2006 inali ndi megapixel 6 zokha, ndipo zithunzi zake zinkasindikizidwa pa pepala lalikulu la A4 popanda vuto. Makamera amene anatsatira, monga Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D a mu 2018, ali ndi 24. Pa zithunzi za ukwati, za ubatizo ndi za kwaya, zimenezi n'zopitirira zofunika. Chimene chimasiyanitsa chithunzi chabwino ndi choipa m'nyumba ya mdima ndi lenzi.

Nthawi zambiri kamera imagulitsidwa pamodzi ndi lenzi yolembedwa 18-55mm. Imeneyi ndi yabwino pojambula gulu lonse panja. Koma mukaikokera kuti ifike pafupi, kabowo kake kolowetsa kuwala kamachepa kufika pa f/5.6. Pa nambala zimenezi, yaing'ono ndi imene imalowetsa kuwala kochuluka. Lenzi ya 50mm kapena 35mm yolembedwa f/1.8 imalowetsa kuwala kuwirikiza pafupifupi kakhumi, ndipo ili m'gulu la malenzi otsika mtengo. Tikadakhala nayo pa ukwati uja, nkhope ya agogo aja ikadaoneka popanda kung'animitsa fulashi pakati pa mapemphero. Langizo lathu lalikulu ndi ili: ndi bwino kugula kamera yakale pang'ono n'kutsala ndi ndalama za lenzi yotere, kusiyana n'kuthera zonse pa kamera yatsopano.

Canon kapena Nikon?

Onsewa ndi abwino, ndipo sitikuona chifukwa chokanganira. Funsani kuti ojambula a ku Ulongwe, ku Dedza kapena ku Tete amene mumadziwana nawo ali ndi mtundu uti, chifukwa batire, chaja ndi lenzi zobwerekana zimapulumutsa pa tsiku la mwambo. Lenzi ya Canon silowa pa Nikon, ndipo ya Nikon silowa pa Canon popanda chida chapadera.

Pa Nikon pali msampha umodzi. Makamera a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe kainjini kozunguza lenzi, choncho lenzi zakale zolembedwa AF-D sizidzilunjika zokha pa chinthu chimene mukujambula. Funani zolembedwa AF-S. Pa Canon, malenzi a EF ndi EF-S onse amagwira pa makamera monga 1300D ndi 2000D.

Ganiziraninso za batire, popeza si midzi yonse imene ili ndi magetsi. Malinga ndi muyeso wa opanga, D3500 imajambula zithunzi zoposa 1,500 pa kutchaja kumodzi, pamene 2000D imajambula pafupifupi 500. Pa msonkhano wa masiku atatu kumidzi ya ku Tsangano, batire lachiwiri n'lofunika. Ndipo mukagula ku Lilongwe, kumene kuli pafupi ndi ife kuposa mzinda wa Tete, kumbukirani kuti pulagi ya ku Malawi ndi ya mano atatu aphanthiphanthi, yosiyana ndi masoketi athu a mabowo ozungulira.

Pogula yogwiritsidwapo kale

Kuyambira mu 2018, Canon ndi Nikon anaika mtima pa makamera atsopano opanda galasi lija m'kati, ndipo Nikon analeka kupanga D3500. Motero ma DSLR ambiri amene amatifika ndi ogwiritsidwapo kale, obwera ndi abale ochokera ku Johannesburg kapena ogulidwa m'tauni. Izi zatsitsa mitengo, komanso zawonjezera ngozi, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musapereke ndalama, kaya ndi meticais kaya makwacha, musanaigwire m'manja. Chotsani lenzi, muiloze kumwamba n'kusuzumira: mukaona tiulusi tonga kangaude, ndiye kuti yachita nguwi chifukwa cha chinyezi. Jambulani khoma loyera kuti muone ngati sensa ili ndi madontho. Funsani kuti yajambula zithunzi zingati, popeza kachitseko kamene kamatsegukira kuwala kamatha mphamvu, ndipo pa makamera a gulu limeneli kamayembekezeka kugwira ntchito pafupifupi ka 100,000. Onaninso ngati ikukhala bwino m'dzanja lanu. Funsani risiti kapena umboni wa mwini wake, kuti mungadzapezeke mutagula katundu wakuba.

Kuisamala m'dziko la fumbi ndi nkhungu

Dziko lathu la mapiri lili ndi adani awiri a kamera. M'chilimwe misewu yathu imafuka fumbi, ndiye musasinthe lenzi pamphepo kapena m'mphepete mwa msewu. M'dzinja ndi m'masiku a nkhungu a Juni ndi Julaye, musaisiye m'chikwama chonyowa kapena pansi pa bedi. Isungeni m'chigubu chotsekeka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Poyenda pa njinga yamoto, ibereke kumsana, osaimanga pa kaliyala.

Ngati kamera ndi ya gulu, sankhani munthu mmodzi wokhulupirika woisunga, ndipo pakhale kope lolembamo woitenga ndi tsiku lobweza. Munthuyo aphunzire msanga batani la chizindikiro cha +/-, limene limawonjezera kuwala pamene malaya oyera a amayi anyenga kamera n'kudetsa nkhope. Azipemphanso chilolezo asanajambule, makamaka pa maliro, ndipo asamayendeyende kutsogolo pa nthawi ya ulaliki.

Pomaliza, tsukitsani zithunzi zofunika zikhale pa pepala, n'kulemba kuseri kwake maina, malo ndi chaka, pakuti khadi limatayika ndipo foni imabedwa. Ife titapeza kamera yathu yogwiritsidwapo kale ndi lenzi ya 50mm, sitinadikire ukwati wina. Tinayamba ndi kuyendera okalamba a m'mudzi mwathu, mmodzimmodzi, n'kuwajambula atakhala pakhonde dzuwa litapendeka. Tikukupemphani kuti nanunso muyambire pamenepo, iwo akadali nafe.